Bungwe Lanu Lapsa ndi Moto ku America: Musabwerere Chimanjamanja

Kabuku aka n'ka mipingo ndi mabungwe ena osachita malonda ku America amene nyumba zawo zapsa ndi moto wolusa, monga uja unayamba pa 7 Januwale 2025 n'kunyeketsa Altadena ndi Pacific Palisades ku Los Angeles.

Boma likalengeza kuti dera lanu lagweredwa tsoka, nthambi ya boma yotchedwa SBA imakongoza mabungwe otere ndalama zofika madola 2 miliyoni, zobweza mpaka zaka 30. Miyezi 12 yoyamba simulipira kanthu. Dziwani kuti ndi ngongole, si mphatso.

Kufunsira n'kwaulere. Wina akati mumupatse kangachepe kuti fomu yanu iyende msanga, ameneyo ndi wakuba, ngakhale atavala baji. Musamupatse ndalama kapena nambala ya akaunti.

Konzani kalata ya IRS, nthambi ya boma yoona za misonkho, yosonyeza kuti bungwe lanu silikhoma msonkho, mapepala a inshulansi, ndi zithunzi za zomwe zapsa. Ngati kalatayo inapsera mu ofesi, pemphani ina, koma fomu itsogole. Nthawi zambiri mumakhala ndi masiku 60 okha opereka fomuyo ku SBA. Musadikirenso a inshulansi kuti amalize zawo. Ambiri nthawi imawathera pamenepo. Pepala lililonse lijambuleni pafoni musanapereke, ndipo lembani tsiku ndi dzina la amene walandira, chifukwa mapepala amasowa ndipo mlandu amaukankhira kwa inu.

Pamene anthu amagwa kwambiri ndi apa. FEMA, nthambi ya boma yothandiza pa masoka, ili ndi thandizo losabweza, koma imasiyanitsa mabungwe. Zipatala ndi sukulu zimapita kwa iyo mwachindunji. Tchalitchi, mzikiti kapena laibulale ziyambe zapempha ngongole ku SBA kuti zimangenso nyumba. SBA ikakana, kapena ikapereka zosakwanira, m'pamene FEMA imaona nkhani yanu. Tatopa kuona akulu ampingo akunena kuti "ife ngongole ayi," osalemba fomu, kenaka n'kupeza kuti khomo la FEMA nalonso latsekeka. N'zopweteka kuti lamulo lotere munthu alimve mochedwa, ataima kale paphulusa la tchalitchi chake. Lembani ku SBA ngakhale ngongoleyo simukuifuna, ndipo pempho la ku FEMA liperekeni nthawi yomweyo, pakuti kumeneko malire ndi masiku 30.

SBA ikakukanani, musavomere zapakamwa kapena zapafoni. Itanitsani kalata yofotokoza chifukwa chake, muisunge bwino: FEMA idzaifuna. Muli ndi miyezi 6 yopempha SBA kuti iunikenso pempho lanu, ndipo ikakananso, masiku 30 ochita apilo.