TSOKONOMBWE ANATHA MTUNDA N'KUDUMPHA: PHUNZIRO LA AMALONDA A KU SONGANI

Msika wa Songani uli m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, kufupi ndi Domasi. Kumadzulo kwake kuli mapiri, ndipo kum'mawa kuli chigwa chotsikira ku nyanja ya Chilwa. Katundu wambiri wa pamsikawu amachokera m'chigwa chimenechi: matemba, milamba ndi makumba, pamodzi ndi mpunga wa m'madambo ndi wa ku sikimu ya Domasi.

Munthu akafunsa amalonda a pamsikawu chimene afuna m'tsogolo, mayankho sasowa. Wina afuna sitolo ya njerwa yofolera ndi malata, wina afuna chigayo cha mpunga, wina afuna njinga yamoto yokatengera nsomba kudoko. Koma ambiri akatha kunena zimenezi amaseka okha, nati, "Kumeneku n'kulota chabe, mpamba wanga ndi wochepa." Chaka chimatha, china n'kulowa, munthu ali pamalo pomwepo ndi dengu lomwelo.

Kodi ndi ulesi? Iyayi, pakuti anthu amenewa amadzuka tambala woyamba asanalire. Vuto lili pa kayang'anidwe. Iwo amayang'ana sitolo yonse nthawi imodzi, naiyerekeza ndi phindu la tsiku limodzi, ndipo mtima umagwa. Chinthu chachikulu chiyenera kudulidwa m'zigawo, kufikira chigawo chimodzi chitalingana ndi ntchito ya sabata imodzi.

Kusankha chinthu chimodzi

Choyamba, wamalonda asankhe chinthu chimodzi chokha, ndipo achilembe. Akulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu wofuna sitolo, chigayo ndi njinga yamoto m'chaka chimodzi amamwaza ndalama zake ponseponse, ndipo sapeza ngakhale chimodzi.

Mawu akuti "ndifuna kutukuka" sakwanira, chifukwa palibe angadziwe tsiku limene kutukukako kwafika. Alembe chinthu chooneka ndi maso, ndi chaka chake, monga motere: "Pakutha zaka 3 ndikhale ndi sitolo ya chipinda chimodzi pamalo anga."

Dziko nalonso limachita chimodzimodzi. M'mwezi wa Januwale 2021 Boma linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, onena za mmene dziko lifunira kudzakhalira pofika chaka chimenecho. Popeza zaka 42 n'zambiri, anazidula, nakonza ndondomeko ya zaka 10 zoyamba, kuyambira 2021 kufikira 2030, ndipo chaka ndi chaka Nyumba ya Malamulo imakambirana za ndalama zoti zigwire ntchito m'chaka chimenecho. Wogulitsa matemba angathe kutsata njira yomweyo m'kope lake.

Kuwerengera katundu m'malo mwa ndalama

Chachiwiri, mtengo wa chinthucho uwerengedwe m'katundu. Mphamvu ya ndalama imasintha. M'mwezi wa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 alionse, ndipo m'mwezi wa Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100 alionse. Amene anasunga ndalama m'chitini kuti adzagule malata anapeza kuti ndalama zomwezo zikugula malata ochepa kuposa amene anawerengera. Koma amene anali atagula kale malata 10 n'kuwasanja m'nyumba anakhalabe ndi malata 10.

Chifukwa chake wofuna sitolo apite kwa mmisiri womanga, amfunse chiwerengero cha njerwa, malata, matumba a simenti, mitengo ya denga ndi misomali. Akalemba zonsezi, adzaona kuti sitolo ija yasanduka mndandanda wa zinthu zogulika chimodzichimodzi.

Kugawa zaka ndi miyezi

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina amapikula matemba ouma kunyanja, nawagulitsa m'miulu pa Songani. Mmisiri wamuuza kuti sitolo yake idzafuna malata 24. Iye wagawa ntchito motere: chaka choyamba njerwa ndi maziko, chaka chachiwiri malata ndi mitengo ya denga, chaka chachitatu simenti, chitseko ndi katundu woyambira.

M'chaka cha malata, wosadziwa angati, "Malata 24 pa miyezi 12, ndiye kuti malata 2 mwezi uliwonse." Kuwerengera kumeneku n'kolakwika, pakuti miyezi siifanana. Mayiyu adziwa kuti miyezi yake yabwino ndi 8, kuyambira Epulo kufikira Novembala. Motero ayenera kugula malata 3 pa mwezi m'miyezi imeneyi, ndiko kuti lata limodzi pa masiku 10 alionse.

Tsopano afunika kudziwa phindu lenileni la dengu limodzi. Pa ndalama zonse zimene wagulitsa achotse mtengo wopikulira, ndalama ya wakabaza, chiphaso cha msika, chakudya cha paulendo, ndi mtengo wa nsomba zimene zafumbwa kapena kuphwanyika. Achotsenso ndalama ya ndiwo, sopo ndi mchere wa panyumba. Chotsalacho ndicho cha malata. Ngati chotsala cha madengu 2 chigula lata limodzi, ndiye kuti ayenera kugulitsa madengu 6 pa mwezi. Funso lija lakuti "Kodi ndingamange sitolo?" lasanduka lakuti "Kodi ndingagulitse madengu 6 mwezi uno?" Funso lachiwirili angathe kuliyankha.

Akapeza kuti angakwanitse madengu 4 okha, asataye cholinga chake. Awonjezere nthawi, kuti zaka 3 zikhale 4, kapena achepetse kukula kwa sitolo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kudziwa nyengo za malonda

Chachitatu, ndondomeko ya chaka itsate nyengo za kwathu kuno. M'dzinja, pamene nsomba zikuswana, Dipatimenti ya za Nsomba imaletsa makoka panyanja ya Chilwa, ndiponso mvula imavutitsa oyanika nsomba. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala. Anthu amasunga ndalama zawo kuti agule chimanga, ndipo ambiri amabwera kudzapempha katundu pangongole. Miyezi imeneyi si yoyembekezera phindu lalikulu ayi. Wamalonda amene watuluka m'dzinja ndi mpamba wake wathunthu wapambana kale.

M'masika zinthu zimasintha. Alimi akakolola chimanga ndi mpunga, ndalama zimayenda m'midzi. Mpunga umatsika mtengo pa nthawi yokolola, nukwera pamene dzinja layandikira. Amene ali ndi malo ouma osungira angathe kugula matumba angapo m'masika ndi kudzawagulitsa pambuyo pake, malinga awatchinjirize ku makoswe ndi anankafumbwe.

Palinso masiku amene malonda amayenda koposa, monga nthawi ya Khirisimasi, ya Eid ndi ya zinamwali. Tsiku la Eid silikhala pamodzi, chifukwa chaka chilichonse limafulumira ndi masiku 10 kapena 11, choncho wamalonda afunse kwa ashehe chaka chikamayamba. Alembenso miyezi imene ndalama zimatuluka zambiri panyumba: Seputembala pamene sukulu zitsegulira chaka chatsopano, ndi Okutobala ndi Novembala pamene pafunika mbewu ndi feteleza. Ndalama za zinthu zimenezi zipatulidwe msanga, kuti zisadzadye mpamba.

Chaka chimene nyanja iphwa

Chachinayi, wamalonda wa ku Songani asaiwale khalidwe la nyanja imene imamudyetsa. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira madzi kuchokera ku mvula ndi ku mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndipo dzuwa limauma madziwo. Mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nyanja imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka, mabwato ali gone pamtunda. Zaka zina vuto limakhala madzi ochuluka, monga m'mwezi wa Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anawononga minda, nyumba ndi milatho m'chigawo cha kum'mwera.

Ndondomeko imene iyesa kuti zaka zonse zidzakhala zabwino idzagwa pa chaka choyamba choipa. Chifukwa chake wogulitsa nsomba aphunzire malonda achiwiri osadalira nyanja imeneyi, adakali pa mtendere. Ena amapikula usipa wa ku Mangochi, ena amagulitsa tomato ndi masamba a kudimba, ena amaweta mbuzi kapena nkhuku.

Pali phunziro lina pa zimene zinachitika mu 1995. Nyanja itaphwa, nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje. Mafumu pamodzi ndi a Dipatimenti ya za Nsomba analetsa anthu kupha nsomba zimenezo, makamaka ndi mankhwala monga katupe, ngakhale kuti ndiwo zinali zosowa. Madzi atabwerera, nsomba zotsala zija ndizo zinaswana ndi kudzazanso nyanja. Mpamba uli ngati nsomba za m'maiwe zija. Munthu akaudya pa nthawi ya mavuto, nyengo yabwino idzamupeza alibe choyambira. Pa chaka choipa n'kwabwino kuimitsa kugula malata, koma mpamba usakhudzidwe.

Kope ndi mboni

Chachisanu, zonse zilembedwe. Kope la ana a sukulu likwanira. Tsamba loyamba likhale la cholinga chachikulu, lachiwiri la miyezi 12 ndi ntchito ya mwezi uliwonse, ndipo masamba otsala akhale a ndalama zolowa, zotuluka ndi maina a ongongola. Wosadziwa kulemba apemphe mwana wake wa pasukulu kuti amlembere madzulo.

N'kwabwinonso kukhala ndi mboni. Magulu a banki m'khonde, amene njira yake inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, amathandiza pa zimenezi, chifukwa munthu amaponya masheya ake pamaso pa anzake sabata ndi sabata, ndipo amagawana ndalama pakutha pafupifupi chaka. Wanzeru amadziwiratu chimene adzagula tsiku logawana lisanafike. Wobwereka ndalama za gulu abwereke zopikulira katundu amene adziwa kuti adzatha msanga. Katapila ndi woopsa kwa wamalonda wamng'ono, pakuti chiwongoladzanja chake chimaposa phindu la dengu.

Pakutha miyezi 3 iliyonse, wamalonda akhale pansi ndi mkazi kapena mwamuna wake, atsegule kope, awerenge malata amene ali m'nyumba. Ngati anayenera kukhala 9 koma alipo 6, afunse chifukwa chake. Kodi ndi ngongole zosabwezedwa? Kodi ndi matenda kapena maliro? Kodi mtengo wa kudoko wakwera? Chifukwa chikadziwika, miyezi yotsala ikonzedwenso. Kusintha ndondomeko si manyazi.

Ntchito ya aphunzitsi ndi owerenga

Aphunzitsi angathe kugwiritsa ntchito phunziroli pa masamu a ana a makalasi akuluakulu ndi pa sukulu za kwacha. Owerenga ena akambirane mafunsowa ndi anzawo osadziwa kuwerenga.

1. Mayi afuna matumba 12 a simenti, ndipo miyezi yake yabwino ndi 6. Ayenera kugula matumba angati pa mwezi?
2. Tchulani zinthu 5 zimene ziyenera kuchotsedwa munthu asananene kuti wapeza phindu.
3. Kodi ndi miyezi iti imene malonda amavuta m'mudzi mwanu, ndipo chifukwa chake n'chiyani?
4. Funsani agogo amene anaona nyanja itaphwa mu 1968 kapena mu 1995 kuti akuuzeni mmene anthu anapezera chakudya ndi ndalama, ndipo mulembe zimene anena.