Boti la faiba loyenda ndi thanga: mmene mungalisankhire ndi kuliyendetsa pa gombe la kwa Kachindamoto

Petulo akasowa pa Golomoti ndi pa Mtakataka, maboti a injini amangogona pamchenga ngati ng'ombe zodwala, chonsecho mphepo ikuwomba usana wonse popanda woilipira. Thanga si lachilendo pa nyanja ino. Zombo za a Jumbe ku Nkhotakota zinkawoloka ndi matanga m'zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka lero mumaona msodzi atasoka matumba a feteleza n'kuwamangirira pansungwi kuti mphepo imufikitse kumtunda. Koma thanga la matumba limangopita kumene mphepo ikupita. Boti la faiba lopangidwira thanga limatha kubwerera kumene mphepo ikuchokera, ndipo pa gombe lathuli nkhani yonse yagona pamenepo.

Musanayambe kufunsa mitengo, dziwani kaye madzi amene mudzayendepo. Nyanja ya kwathu kuno ndi mkono wolowa kumwera, pakati pa mtunda wa Dedza ndi wa kwa Nankumba. Ndi yosaya, yamchenga, yamatope ndi mabango. Mitsinje monga Bwanje ndi Livulezi imatsitsa matope dzinja lililonse, kotero malo amene munadutsa bwino chaka chatha mukhoza kutitimirapo chaka chino. Gombe nalo silikhala pamodzi: amene anaona mmene nyanja inasefukira mu 2024 akudziwa. Kulibe doko la simenti lomangirirapo boti. Chilichonse chimakokedwa pamchenga.

Ndiye chinthu choyamba kuyang'ana pa boti si thanga ayi, koma kunsi kwake. Boti la thanga limakhala ndi chipsepse pansi, chonga cha nsomba, chimene chimaliletsa kutsetsereka cham'mbali mphepo ikalikankha. Maboti ambiri a kunyanja ya mchere ali ndi chipsepse chachitsulo chosasuntha, cholowa m'madzi mita imodzi kapena kuposa. Loterolo lisiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo. Mudzalisiya kutali ndi gombe n'kumayenda m'madzi ofika m'chifuwa, m'dera limene ng'ona si nthano. Funani la chipsepse chokweza ndi kutsitsa ndi chingwe, chobisala m'chikwama chake pakati pa boti. Chikakwezedwa boti limayandama pa madzi ofika m'mawondo, chikatsitsidwa limagwira madzi bwino. Tsigiro nalo likhale lopindikira m'mwamba likagunda mchenga.

Pa kutalika, mamita 5 mpaka 6 ndi okwanira. Loterolo limanyamula anthu atatu kapena anayi ndi katundu, limakhala ndi kachipinda kogona awiri kutsogolo, ndipo amuna asanu ndi mmodzi angalikokere kumtunda pa zipika. Likapitirira mamita 7 muyamba kufuna thirakitala. Onaninso kufutukuka kwake. Lotambalala pansi silipendama msanga, ndipo ndi labwino kwa wophunzira, ngakhale limamenyetsa pamafunde mpaka mano kuchita gwegwede. Funsani ngati lili ndi chitsulo kapena mtovu wolemeretsa pansi. Pa maboti ang'ono oyendera maulendo, cholemeretsacho nthawi zambiri chimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera konse, ndipo ndi chimene chimalidzutsa mphepo ikaligoneka.

Latsopano ndi lodula, choncho ambiri mudzagula lakale, mwina kwa eni malo ogona alendo ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena ku Mangochi. Apa musachite manyazi. Pitani usana, boti likhale pamtunda, mutenge kandalama kachitsulo kapena chigwiriro cha sikuludiraiva. Gogodani thupi lonse pang'onopang'ono ngati mukuyesa vwende. Pabwino pamamveka kuti ngwee, povunda pamamveka kuti phuphu. Faiba ndi ulusi wagalasi womatidwa ndi rezini m'magawomagawo, ndipo magawowo akalekana madzi amalowa pakati. Matuza ang'onoang'ono kunsi kwa boti akusonyeza kuti linakhalitsa m'madzi. Ochepa amakonzeka, koma akachuluka ngati nthomba bwererani kwanu. Pondani pamwamba ponse osavala nsapato: pakamabonyoka ndiye kuti thabwa lamkati linawola.

Malo atatu amafuna maso awiri. Oyamba ndi patsinde pa mlongoti, pamene mphamvu yonse imatsikira. Achiwiri ndi pamene mawaya ogwira mlongoti amamangika kuthupi la boti. Mukaona ming'alu yonga ukonde wa kangaude kapena dzimbiri likutsika, pafunika ntchito. Achitatu ndi chikwama cha chipsepse ndi bawuti yake, chifukwa kudontha kwa pamenepo n'kovuta kutseka. Thanga litambasuleni padzuwa, mukande ulusi wa msoko ndi chikhadabo. Ukaduka, dzuwa linalidya kale. Telala wa pamsika amene amasoka matenti angathe kubwereza misoko, koma nsalu yofumbwa palibe angaiukitse.

Pali chinthu chimodzi chimene ozolowera bwato amaiwala. Bwato la mtengo likadzaza madzi limayandamabe, mumaligwirira mpaka anzanu atabwera. Boti la faiba lokhala ndi cholemeretsa limapita pansi ngati mwala. Tsegulani pansi pa mipando ndi kutsogolo muone ngati muli thovu louma loyandamitsa. Ngati mulibe, dzazanimo mabotolo apulasitiki opanda kanthu otseka bwino, muwatsekere kuti asatuluke. Botolo la malita awiri limanyamula pafupifupi makilogalamu awiri, ndiye werengerani nokha kuti mufuna angati. Akakufunsani kuti mabotolo onsewo n'ngachiyani, ingosekani. Kenako kalembetseni boti ku Marine Department monga lamulo la maulendo a pamadzi likunenera, mugule majekete oyandamitsa okwana munthu aliyense, ndowa yokapira madzi, nkhafi ziwiri ndi nangula.

Tsiku loyamba sankhani m'mawa wa kamphepo kayaziyazi, kuuzanso a komiti ya pagombe kumene mukulowera. Lozetsani mphuno ya boti kumene mphepo ikuchokera musanakweze thanga. Mukakweza mphepo ili kumbuyo, boti lithawa inu mudakali m'madzi. Kwezani thanga lalikulu lokha, kathanga kakutsogolo kadikire tsiku lina. Palasani kufika pamadzi ofika m'chiuno, tsitsani tsigiro ndi chipsepse, mukhale mbali imene mphepo ikuchokera. Dzanja limodzi pa tsigiro, lina pa chingwe cha thanga, ndipo chingwechi musachimange mfundo. Mphepo ikakula mwadzidzidzi, kuchimasula ndiye buleki yanu.

Yambani ndi kuyenda mphepo ikukuwombani pa tsaya, osati kumaso kapena kunkhongo. Masulani chingwe mpaka thanga liyambe kupepheruka kumphepete kwa mlongoti, kenako kokani pang'ono mpaka litasiya. Basi, pamenepo ndiye pabwino. Ophunzira onse amakokera thanga mkati kwambiri poganiza kuti liwiro lichuluka, koma boti limangopendama n'kumakwawa. Tsigiro nalo limasokoneza poyamba: mukakankhira ndodo yake kumanja, mphuno imapita kumanzere. Pakatha ola limodzi dzanja limazolowera lokha.

Tsopano phunziro limene munagulira botili. Palibe boti la thanga lingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Limatha kuyandikirako mpaka pafupifupi madigiri 45, ndiye mumakwera mokhotakhota monga mmene galimoto imakwerera Khwekhwerere kuchoka pa Golomoti. Tsitsani chipsepse chonse, kokani thanga pafupi ndi pakati, muyende chopingasa. Pofuna kutembenuka, onetsetsani kuti boti lili ndi liwiro, chenjezani anzanu mokweza, kankhirani ndodo ya tsigiro kumene kuli thanga, weramani mtanda wa m'munsi mwa thanga udutse pamwamba pa mutu, musamukire mbali inayo. Mukachita mwamantha boti limaima pakati, thanga likungokupiza. Zikatero musalimbane nalo: lisiyeni libwerere m'mbuyo pang'ono, mphuno igwera mbali imodzi yokha, muyambirenso. Bwerezani kutembenukaku kakhumi, kawiri tsiku lililonse, mpaka muzichita mukucheza.

Kuyenda mphepo ili kunkhongo kumaoneka kophweka koma ndiye koopsa. Mphepo simuimva, boti likuuluka, ndipo mukangokhotera pang'ono mbali yolakwika mtanda uja umawoloka ndi mphamvu yoti n'kugwetsera munthu m'madzi. Musaloze kumene mphepo ikupita ndendende. Pendekerani pang'ono, mphepo izikufikani kuseri kwa khutu limodzi.

Ine mphepo inandiphunzitsa mu Julaye wina. Tinanyamuka m'mawa ndi mlamu wanga kulowera cha ku Chipoka, mwera ukutikankha, tikuseka kuti a injini akutaya ndalama. Pobwerera masana mwera unali utakula. Thanga lonse lili m'mwamba, boti linagona mpaka madzi kuyamba kulowera m'mbali, thumba la ufa limene tinanyamula linasanduka phala. Mlamu anangoti, "Alamu, tsitsani chinsalucho, ana anga adakali aang'ono." Tinagona pagombe la eni, udzudzu ukutidya, n'kubwerera m'bandakucha mphepo itagona.

Cholakwa changa chinali kusachepetsa thanga. Mphamvu ya mphepo pa thanga sikula mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake thanga labwino limakhala ndi mzere wa timabowo ndi tizingwe chapakati. Mumatsitsa thanga pang'ono, kukoka ngodya ziwiri za mzerewo kufika pamtanda, kumanga nsalu yotsalayo, n'kukwezanso. Yesererani pamtunda mpaka muzitha m'mphindi zitatu. Mukaona mafunde ayamba kuyera mitu, chepetsani nthawi yomweyo, ndipo ngati mukukayika muli pagombe, nyamukani mutachepetsa kale. Chodabwitsa n'chakuti boti loima bwino ndi thanga laling'ono limathamanga kuposa logona ndi thanga lonse.

Ulendo uliwonse muziukonza poyang'ana kobwerera. Mwera umawomba kuchokera kumwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina masiku angapo osapuma. Mpikisano wa maboti a matanga umene unayamba mu 1984 wakhala ukuchitika mu Julaye kuchokera ku Mangochi kulowera kumpoto pa chifukwa chomwechi, koma opikisanawo maboti awo amabwerera pa galimoto. Inu mulibe mwayi umenewo, choncho yambani ndi kukwera mphepo mudakali ndi mphamvu, kuti pobwerera izikukankhani. Mtunda wa kwa Nankumba umatitchinga pang'ono ku mwera, koma mukangotuluka kuyang'ana zilumba za Maleri mafunde amasintha msinkhu. Mpoto wa m'dzinja ndiye mdani weniweni wa gombe lino, chifukwa umabwera ndi mafunde a nyanja yonse n'kudzawaswera pamadzi osaya. Mverani machenjezo a nthambi ya zanyengo pa wailesi, ndipo mitambo yakuda ikaunjikana pa mapiri a Dedza kumbukirani mphezi: mlongoti wachitsulo ndiye chinthu chachitali kwambiri panyanja ponse.

Za liwiro musadzinamize. Boti la mamita 6 silipitirira makilomita 10 kapena 11 pa ola ngakhale mphepo ikhale yabwino chotani, chifukwa funde limene limadzipangira lokha limalitsekereza. Powerengera ulendo ikani makilomita 6 pa ola, ndipo ngati mukukwera mphepo wirikizani nthawiyo kawiri.

Pofika kumtunda kwezani chipsepse ndi tsigiro madzi asanachepe, tsitsani thanga mudakali patali, mumalize ndi nkhafi. Mukagona pa nangula, chingwe chitalike kasanu kuposa kuya kwa madzi, ndipo pewani pakamwa pa mitsinje pamene mvuu zimatulukira usiku. Osakoka boti pamchenga popanda zipika, mchenga umadya faiba ngati tupa.

Likabooka, ntchito yake mungaithe nokha. Umitsani pamalopo masiku awiri, palani ndi sandipepala mozungulira bowo mpaka pakhale potsetsereka, dulani nsalu ya faiba zigamba zitatu kapena zinayi zosiyana kukula. Mankhwala oumitsa rezini ndi ochepa kwambiri, mamililita 10 mpaka 20 pa lita imodzi. Kutentha kwa ku Mtakataka mu Okutobala kumaumitsa rezini mudakali kufunafuna bulashi, choncho sakanizani pang'onopang'ono m'kachitini, pamthunzi, m'mawa kwambiri. Valani magolovesi, mutseke mphuno popala, ndipo ana akhale kutali ndi botolo la mankhwala oumitsawo chifukwa dontho limodzi m'diso limawononga. Chigamba chikauma, gogodaninso ndi kandalama kaja mumve ngati chikuti ngwee.