Buku la kusukulu lamusokoneza mwana wanga

Funso: Mwana wanga wazaka 14 akuwerenga The Chocolate War pa phunziro la Chingerezi. Chiyambireni wangoti zii, ngakhale nsima sakudya bwino. Kodi ndimuletse? Mayi wodandaula.

Yankho: Musamuletse, mayi. Buku la Robert Cormier limeneli, lomwe lidatuluka mu 1974, limakamba za Jerry, mnyamata amene anzake amamuzunza atakana kugulitsa chokoleti cha sukulu. Pamapeto pake ozunzawo salangidwa, ndipo izi zimamupweteka mwana, makamaka ngati nayenso akuvutitsidwa.

Werengani naye mutu umodzi, mumufunse za Jerry. Mwana amamasuka msanga pokamba za wina kusiyana ndi zake. Mukaona mabala, yunifolomu yong'ambika kapena akamakana kupita kusukulu, kaonaneni ndi aphunzitsi ake mawa lomwe. Akatchula zodzivulaza, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.