Nkhope ikachita makwinya, adzadya chiyani?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamkazi wakhoza bwino mayeso a MSCE ndipo akufuna kudzakhala wowerenga nkhani pa wailesi ya kanema. Koma ine mtima suli m'malo. Ambiri amene tinkawaona pa TVM kale sakuonekanso. Kodi ntchitoyi siitha nkhope ikachita makwinya?
Mayi wa kwa Mponda, Mangochi

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. TVM idayamba kuulutsa mu 1999, kenako idaphatikizidwa ndi MBC, ndipo nkhope zasinthadi kambirimbiri. Koma kusaoneka pa kanema sikutanthauza kuti munthu wasowa chochita. Ena amakwezedwa n'kukhala akonzi a nkhani kapena oyang'anira mapulogalamu, ena amakakhala aneneri a makampani ndi mabungwe, ena amaphunzitsa utolankhani.

Taonani a Gospel Kazako. Adayambira ku MBC, mu 2005 adatsegula wailesi yawo ya Zodiak, ndipo mu 2020 adasankhidwa kukhala nduna yofalitsa nkhani. A Brian Banda, odziwika ndi mafunso obaya pa Times, adakhala mneneri wa Pulezidenti Lazarus Chakwera mu 2020, pambuyo pake n'kubwerera ku Times. Chidawayendetsa anthuwa ndi luso lofufuza, kufunsa ndi kulemba, komanso chikhulupiriro chimene omvera adali nacho pa iwo.

Apa ndi pamene mwana wanu ayenera kugwiritsa. Wongowerenga zolemba anzake ali ngati wogula nsomba padoko amene alibe bwato: asodzi akapanda kumugulitsa, amabwerera ndi dengu lopanda kanthu. Choncho akaphunzire utolankhani wonse ku MIJ kapena ku MUBAS. Adziwe kutola nkhani, kuilemba, kujambula ndi kukonza zithunzi pa kompyuta. Chiyao ndi Chichewa chake asachite nazo manyazi, pakuti wodziwa zilankhulo zingapo amafunidwa malo ambiri.

Poyambira pali pafupi. Ku Mangochi komweko kuli Radio Maria ndi Dzimwe. Akapemphe mwayi wophunzira ntchito. Akadzalembedwa, adzaonetsetse kuti ndalama za penshoni zikuperekedwa, chifukwa kutchuka sikusunga munthu paukalamba. Adzasamalenso ndi andale, poti wowerenga nkhani akadziwika kuti ndi wa chipani, anthu amavutika kumukhulupiriranso.

Mulimbikitseni mwanayo, mayi, koma mumuuze kuti akaphunzire ntchito yonse, osati kukhala patsogolo pa kamera kokha.