Makapisozi Akasiya Kuchiza: Mafunso ndi Mayankho kwa Alimi ndi Matenanti a ku Kasungu

Kodi tizilombo tosamva mankhwala n'totani?

Ndi mabakiteriya oyambitsa chibayo, kutsekula m'mimba, chinzonono kapena matenda a m'magazi amene safanso ndi mankhwala omwe ankawapha kale. Munthu akamwa mankhwala moperewera, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana.

Bwanji vutoli limakula kwa amene ali ndi HIV?

Chitetezo cha m'thupi chikatsika, kachilombo ngati Salmonella, kamene kwa ena kamangotsekula m'mimba, kamalowa m'magazi. Apo munthu amadalira mankhwala okha. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anapeza kuti mu 2003 tizilombo ta Klebsiella 12 pa 100 tinkapirira mankhwala a gulu la ceftriaxone, jakisoni wodalirika m'zipatala zathu. Pofika 2016 tinali 90 pa 100. Zimenezi n'zoopsa kwambiri kwa wodwala wa ku Chulu kapena ku Santhe, amene chipatala chachikulu chili naye kutali.

Ndiye ine amene ndili ndi HIV ndileke Bakitilimu?

Ayi, musaleke. N'zoona kuti tizilombo tina sitimumvanso, koma Bakitilimu wa tsiku ndi tsiku amatetezabe ku malungo ndi ku mtundu wina wa chibayo chimene chimapha anthu a chitetezo chotsika. Imwani pamodzi ndi ma ARV monga anakuuzirani kuchipatala, ndipo musagawireko mnzanu wa chifuwa.

Nthawi yothyola ndi kusoka fodya bwana salola kujomba. Ndikagula makapisozi anayi pa okala ndalakwa?

Vuto lanulo ndi lomveka, koma apa mpamene tizilomboti timalimbira. Makapisozi anayi amangoziziritsa matenda, ndipo pa chimfine sathandiza n'komwe. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mtenanti amasiya thanzi lake m'chigafa kuti mabelo afike kumsika wa fodya ku Chinkhoma. Eni maesiteti, kulola wantchito kukaonana ndi dokotala si chifundo, ndi udindo wanu.

Ndimamwa ma ARV ndipo ndikusamukira ku esiteti ina. Nditani?

Katengeni kalata kuchipatala chimene mumalandirira ma ARV, ndipo buku lanu lakuchipatala lisatsale.

Nanga ndamaliza mankhwala koma thupi likutenthabe?

Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Kasungu boma, ku St Andrew's ku Mtunthama kapena ku Nkhamenya. Tengani mapaketi a zonse zimene mwamwa, ngakhale zogula pamsika, mukaonetse adokotala osabisa kanthu.