Phunziro: Dziko Likasintha Mwini, Malire Amasinthanso?

Munthu akagula puloti ku Area 23, ngongole ya kugolosale yomwe adasiya mwini wakale siimukhudza, koma malire a puloti ndi aneba amakhala pomwe adawapeza. Mapangano a mayiko amayendanso chonchi. Dziko likalowa m'manja mwa wolamulira wina, mapangano a malonda kapena a ubwenzi angathe kutha, koma pangano la malire limatsala pa nthakapo.

Umboni uli pa Nyanja ya Malawi. Pa 1 Julayi 1890, Britain ndi Germany adasainirana pangano la Heligoland, lonena kuti dera la Germany lilekezere m'mphepete mwa nyanja chakum'mawa, osati pakati pa madzi. Germany itagonja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, deralo lidapita kwa Britain n'kutchedwa Tanganyika, ndipo mu 1961 lidalandira ufulu. Eni adasintha kawiri, koma sipadalembedwe pangano lina losuntha malirewo. N'chifukwa chake Malawi amati madzi onse a kumpoto kwa nyanja ndi ake.

Ena amafunsa kuti, pangano la azungu, lomwe makolo athu sadafunsidwe n'komwe, litimange bwanji ife? Funsoli ndi lomveka. Komabe atsogoleri a mu Africa adaona kuti dziko lililonse likayamba kudzilembera malire, nkhondo sizidzatha. Choncho mu 1964, pa msonkhano wa bungwe la mayiko a mu Africa la OAU ku Cairo, adagwirizana zolemekeza malire omwe mayiko adawapeza polandira ufulu. Koma Tanzania (Tanganyika wakale uja), kuyambira mu 1967, imati malire a panyanja amayenera kudutsa pakati, poti asodzi ake a ku Mbamba Bay amadalira madzi omwewo. Kuwedza ndi kutunga madzi ndi nkhani yoti mayiko akambirane, koma sikufafaniza pangano lolembedwa. Ku mbali ya Mozambique malire adasunthadi kufika pakati pa nyanja mu 1954, chifukwa Britain ndi Portugal adakhala pansi n'kusainirana pangano latsopano, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kukhalabe zathu.

Mkangano udabukanso mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta m'nyanja, ndipo a Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, adatsogolera amkhalapakati. Inu ophunzira, mukamva nkhaniyi pa wailesi, gwirani mfundo iyi: malire sasintha chifukwa mwini wasintha, amasintha pokhapokha mbali zonse ziwiri zitagwirizana.