Phunziro la Umoyo: Kuumbanso Bere Pambuyo pa Opaleshoni ya Khansa

Mai akapita ku chipatala ndi chotupa cha m'bere, dotolo napima ndi kupeza kuti ndi khansa, chimene chimamuopsa koposa si dzina la nthendayo ai, koma kumva kuti bere lichotsedwa. Alipo amai ambiri amene atamva zimenezi anabwerera kumudzi osaonekanso pa tsiku la opaleshoni, nataya miyezi kwa asing'anga, kufikira chotupa chija chinaphulika ndi kusanduka chilonda. Zimene amaopa nzodziwika: kukhala ndi chifuwa cha mbali imodzi, kulozedwa zala pa chitsime, ndiponso kusiyidwa ndi mwamuna. Mantha amenewa si achibwana. Tsono phunziro la mwezi uno lifotokoza za ntchito youmbanso bere pamalo pa lochotsedwalo, njira zake, ndi machiridwe ake.

Poyamba kuyenera kudziwika kuti madulidwe a lero si a kale. M'chaka cha 1894 dotolo wa ku America, William Halsted, wa pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, analemba za opaleshoni yake yochotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa ndi timwanabere ta m'khwapa. Njira imeneyi inatsatidwa zaka zoposa 70, ndipo mai ankatsala ndi chifuwa cholowa m'kati, nthiti zikuonekera pansi pa khungu. Koma mu 1981 Umberto Veronesi wa ku Milan, ndi mu 1985 Bernard Fisher wa ku Pittsburgh, anaonetsa kuti chotupa chikakhala chaching'ono nkotheka kuchotsa chokhacho, ndi kuotcha malowo ndi cheza cha makina chotchedwa radiotherapy, ndipo mai amakhala moyo chimodzimodzi ndi amene wachotsedwa bere lonse. Kotero wofika msanga ku chipatala nthawi zambiri bere lake limatsala. Ngakhale pamene lachotsedwa lonse, masiku ano minofu ya pachifuwa amaisiya, ndipo pamenepo ndipo pali poyambira kuumba lina.

Njira zoumbira bere zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuika kathumba pansi pa khungu kapena pansi pa mnofu. Kathumbako nkofewa, kodzala ndi phala la silikoni kapena madzi a mchere, ndipo anayamba kukagwiritsa ntchito ndi madotolo Thomas Cronin ndi Frank Gerow ku Houston mu 1962. Popeza khungu limachepa bere likachotsedwa, kawirikawiri amayamba aika kathumba kopanda kanthu, namakapopera madzi a mchere pang'ono pang'ono kwa masabata angapo, kuti khungu litamuke monga m'mene limatamukira pamimba pa mai wodwala pakati. Likakwanira amatulutsa kathumba kaja naikapo kenikeni. Ubwino wake ngwakuti opaleshoni njaifupi, chilonda nchimodzi, ndipo munthu amachira msanga. Koma kathumba si ka moyo wonse. Kamatha kubooka, ndiponso thupi limakakuta ndi chipsera cha m'kati chimene nthawi zina chimauma, bere nkukhala gwa ndi kumapweteka. Zimenezi zimachitika makamaka ngati malowo aotchedwa ndi radiotherapy. Mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pa msika timatumba take tokhakhala kunja, chifukwa tinapezeka kuti mwa amai owerengeka timayambitsa khansa ya mtundu wina. Wosankha kathumba adziwiretu kuti m'tsogolo angadzagonenso pa tebulo la opaleshoni.

Njira yachiwiri ndi kuumba bere ndi thupi la mwini wake. Dotolo wa ku Italy, Iginio Tansini, ndiye anayamba kutenga khungu ndi mnofu wa kumsana nkuzisunthira pachifuwa, mu 1906. Mu 1982 Carl Hartrampf wa ku Atlanta anayamba kutenga khungu ndi mafuta a pamimba, m'munsi mwa mchombo, pamodzi ndi mnofu wake. Pambuyo pake, mu 1994, Robert Allen wa ku New Orleans anaonetsa kuti mnofuwo angathe kuusiya, natenga khungu ndi mafuta okha ndi mitsempha yake ya magazi, nkukailumikiza ku mitsempha ya pachifuwa. Mitsempha imeneyi njopyapyala ngati udzu, ndipo amaisoka akuyang'ana pa magalasi okulitsa zinthu. Nchifukwa chake opaleshoniyo imatenga maola 6 kapena 8. Bere lotere limakhala lofewa ndi lofunda, limanenepa ndi kuonda pamodzi ndi mwini wake, ndipo likangogwira siliferanso kusintha. Mtengo wake ndi zilonda ziwiri m'malo mwa chimodzi, chipsera chachitali chopingasa pamimba, ndi ngozi yakuti magazi akalephera kuyenda mnofu wosamutsidwawo umafa. Mai woonda kwambiri alibe mafuta okwanira, ndipo wofuna kudzaberekanso ayenera kuuza dotolo asanakhudze pamimba.

Bere latsopano lingaumbidwe tsiku lomwelo lochotsa lakale, kapena patapita miyezi ngakhale zaka. Palibe kuchedwa pa nkhani imeneyi. Ngati khansa inali itakula ndipo pafunika mankhwala a m'dripi ndi radiotherapy, madotolo ambiri amalangiza kuti mai ayambe wamaliza zimenezo, pakuti choyamba ndi moyo. Ku America lamulo la 1998 limakakamiza makampani a inshuwalansi amene amalipira opaleshoni yochotsa bere kuti alipirenso youmba lina, ndipo ku Britain zipatala za boma zimachita ntchitoyi mwaulere. M'Malawi ndi m'Zambia zinthu nzosiyana. Opaleshoni yochotsa bere imachitika pa zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, koma madotolo odziwa kuumba ndi owerengeka kwambiri, ndipo ntchito yawo yambiri ndi ya anthu akupsa ndi moto ndi ovulala. Ena amapita ku South Africa kapena ku India, kumene mtengo wake sangauthe mlimi wamba. Komabe kufunsa sikulakwa, ndipo mai ali ndi ufulu womfunsa dotolo ngati zingatheke.

Pali zina zimene bere loumbidwa silingachite, ndipo nkoipa kumnamiza mai. Silitulutsa mkaka. Silimva kukhudza monga lakale, popeza mitsempha yomvera inadulidwa. Kwa ambiri limakhala ladzanzi, kotero kuti mai angapse ndi madzi otentha kapena pa moto wa mafuwa osazindikira. Silifanana ndendende ndi linzake. Nsonga ya bere amaiumba pambuyo pake, patapita miyezi ingapo, naidetsa ndi utoto wolowetsa m'khungu. Koma kuumba bere sikudzutsa khansa ai, ndiponso sikulepheretsa dotolo kuiona ngati yabweranso.

Za kuchira. Mai akatsitsimuka amapeza timapaipi ta pulasitiki tikutuluka pambali pa chilonda, tikukhetsera madzi ndi magazi m'timabotolo. Asachite nato mantha, ndipo asatikoke. Timachotsedwa madziwo akachepa kufika pa mamililita 30 pa tsiku, ndiye kuti masupuni aakulu awiri, ndipo zimenezi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Woikidwa kathumba amagona m'chipatala tsiku limodzi kapena awiri, nachira pa masabata 4 kufikira 6. Wotengedwa pamimba amagona masiku angapo, anamwino akumayang'ana bere kawirikawiri usana ndi usiku ngati lili lofunda; amayenda chowerama masiku oyamba chifukwa cha kukoka kwa ulusi, ndipo mphamvu zimabwerera pa masabata 6 kufikira 8, mwina kuposa.

Apa ndi pamene mai wa kumudzi amavutikira, pakuti ntchito zake zonse nza manja ndi msana. Pa masabata 6 oyamba sayenera kunyamula cholemera. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo kuitukula kuti ifike pamutu nkokwanira kung'amba ulusi wa m'kati. Kusinja, kulima, kuwaza nkhuni, kutakasa nsima ya mu mphika waukulu ndi kubereka mwana kumbuyo, zonsezi zidikire. Nchifukwa chake banja lipangane opaleshoni isanachitike kuti adzatunga madzi ndani, adzaphika ndani. Ndipo ngati dotolo alola kusankha nthawi youmbira bere, ndi nzeru kupewa miyezi yobzala ndi yopalira. Mwamuna amene asenza ndowa pa nthawi yotere sanadyetsedwe mankhwala, koma akusunga moyo wa mai wa ana ake.

Kupuma sikutanthauza kugona pa mphasa tsiku lonse. Kuyenda pang'ono pabwalo tsiku ndi tsiku kumateteza kuti magazi asaundane m'miyendo. Dotolo akalola, mai aime moyang'ana khoma nayendetse zala zake kukwera pa khomalo, lero apa, mawa pamwamba pang'ono, kuti phewa lisaume. Amene anachotsedwa timwanabere ta m'khwapa asamale mkono wa mbali imeneyo masiku onse, chifukwa umatha kutupa ngakhale patapita zaka; akatemeka kapena kulasidwa ndi minga atsuke ndi sopo msanga, ndipo mphini pa mkono umenewo ai. Fodya, wosuta kapena wa mphuno, amafinya mitsempha ya magazi ndi kuletsa chilonda kupola. Wodwala shuga kapena womwa ma ARV asadumphitse mankhwala ake, ndiponso wopatsidwa mapiritsi a tamoxifen adziwe kuti amamwedwa zaka 5 kapena 10, ngakhale thupi likhale bwino. Chilonda chisapakidwe zitsamba kapena phulusa. Thupi likatentha, bere likafiira ndi kutupa, likatuluka mafinya, likada kapena kuzizira, mwendo umodzi ukatupa, kapena mai akabanika, apite ku chipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa m'buku.

Amai ambiri, ngakhale ku maiko kumene opaleshoniyi njaulere, amasankha kusaumbitsa bere, poona kuti mpeni umodzi wakwana. Otere amavala bere loika m'kamisolo. Lilipo la silikoni la m'sitolo, koma mai wodziwa kusoka angapange lake ndi nsalu yofewa yozungulira, naidzaza thonje loyera, kapena kuliluka ndi ulusi monga amalukira chipewa cha khanda. M'kamisolo asokemo kathumba kolowetsamo kuti lisagwe powerama. Lopepuka la thonje angayambe kuvala chilonda chikauma. Lolemera la silikoni lidikire masabata 6 kapena 8, chipsera chitalimba.